Magazi a Shuga

Lolemba linga limakhala lathu:
ine, nkhunda, ndi bambo Mwanyongo a pageti.
Ndimakolopa masitepe makumi asanu ndi anayi,
ndikuidziwa yogwedera, ndikudziwa pothonya mvula ikagwa.
Akuti mzungu amene anamanga pano ankasowa kwawo,
nasema miyala ya phiri lomwe lino la Joni
kuti akadzuka aziyesa ali kutsidya kwa nyanja.
Amene anasenza miyalayo sanalembedwe pakhoma.
Kaya anali wa ku Dedza,
wobwera ndi Wenela, bulangete paphewa.

Lachiwiri amafika ndi malole.
Mawaya amakwawa m'khonde monse,
jenereta imatsokomola patsinde pa jakaranda.
Mwezi watha linga linali ndende,
lisanakhale ndende linali chipatala cha amisala,
lero ndi nyumba ya mfumu ya dziko lomwe kulibe,
kumene chipale chimagwa kuchokera m'thumba la mnyamata wokwera makwerero.
Dishi ya kanema aiphimba ndi chiguduli.
Kamera aipotoza khosi
kuti isaone nsanja ya ku Hilibulo
ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi.
Tekisi ikaliza hutala kumusi kumsewu
mayi wa mahedifoni amatukwana, onse n'kuyambiranso.

Tsiku limenelo anaperewera mtembo umodzi.
Anandiloza, mopu ili m'manja.
Esinati, ungathe kugona pansi osapuma?
Ndinangoseka.
Zaka zisanu ndi zinayi mu Joni muno, pemiti inatha kalekale;
apolisi akaimitsa tekisi yathu
mukuyesa ndimapuma?

Anandiveka sanza zosokedwa ndi telala wodula,
nandithira magazi m'khosi.
Ndinalawa ndi nsonga ya lilime: shuga.
Ndinafa kasanu ndi kawiri.
Kasanu ndi kawiri mfumu inandilumpha,
kachitatu inandiponda chala, n'kupepesa m'Chizulu,
lupanga lake la pulasitiki likuwerama ngati phesi.
Ndili chigonere ndinaona denga bwinobwino,
ndinaona kangaude amene tsache langa limamuphonya,
ndipo chiyambire ntchito m'nyumba muno
palibe anandifunsa chomwe ndagonera masana.

Malandi mazana anayi mu envulopu.
Atatu ndinatumiza kwa Lameki, a fizi.
Otsalawo, parafini ndi zipalapasiro za nkhuku.

Malole anapita, magazi anatsala.
Anauma m'ming'alu ya miyala,
nyerere zinandanda kuchokera kukhitchini kudzalira maliro anga.
Ndinagwada pomwe ndinafera paja
ndi ndowa, bulashi ndi sopo,
kudzikolopa ndekha.

Chaka chitatha foni inalira usiku.
Amayi, takuonani muvidiyo pa Lizulu!
Wandiona bwanji, mwanawe, nkhope inali kudothi?
Phazi, amayi. Chipsera chija cha sipoko ya njinga.
Akuti silinachedwe, kuphethira kawiri basi,
kenako hatchi, kenako utsi.
Analipira khomo katatu kuti alionenso,
anabwera ndi anzake, nawauza kuti asaphethire.
Azakhali ake akana kukaona,
ati ndi malodza munthu kufa asanafe.
Ndinafuna kuwayankha kuti kuno timatero sabata iliyonse
koma mayunitsi anatha.

Pamapeto pa filimu mayina amakwera ngati chiswe cha mvula yoyamba:
wophika tiyi alipo, mwini hatchi alipo,
linga nalo analithokoza.
Lameki anawerenga mpaka mwini vidiyo anazimitsa.

Mawa akubweranso.
Linga likhala sukulu ya masisitere, kapena banki, sindinamvetse.
Bambo Mwanyongo ameta ndevu, akuti mwina afuna mlonda,
ayesera kale sawasha pagalasi la galimoto ya bwana.
Ine ndaviika mopu.
Koma usiku uno ndadzola mafuta kumapazi,
onse awiri,
poti sindidziwa lomwe kamera idzasankhe.